Shoti Yadala

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Ndikulemba mothamanga mwana wanga Tikondane asanadzuke. Lero ndayamba ku shedi ya Che Usumani, owotcherera zitsulo aja pano pa Liwonde. Andipatsa sabata imodzi yondiyesa. Loweruka adzanena, kukhala kapena kupita. Kupita kwake ndi kwa Kalembo, kwa apongozi, ine ndi mwana, kukasosa ndi kukasaka maganyu, amuna anga a Willard n'kutsala kuno ndi njinga yawo ya kabaza. Tinagwirizana choncho anthu atatu. Amene anagwirizana kwambiri ndi apongozi.

Makina ake si a ndodo aja iyayi. Awa akuti migi. Ukakanikiza kamfuti, waya amatuluka yekha limodzi ndi gasi wa m'silinda. Pali zopotokola ziwiri, china cha moto, china cha liwiro la waya. Tiko amatsala kuseri ndi Abiti Akimu, akazi awo a bwana, kuti asaone kuwala.

Zonse zinali bwino mpaka poweruka. Che Usumani akupukuta m'manja anangoti, "Make Tiko, mawa tiyamba ndi shoti." Kunena ngati akunena za tiyi.

Shoti. Ya magetsi yomwe ija inatentha babashopu ya malume ku Balaka. Mipando inasanduka makala, malume nsidze sizinamerenso mpaka lero. Ndiye ine ndikaipange dala, ndi manja angawa?

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mmawa ndawauza a Willard kuti ndikafa Tiko apite kwa achemwali anga, asakakulire kwa Kalembo. Aseka mpaka kutsamwa ndi mbatata. Akuti nanga poto wamkulu ndikusiyira ndani. Poto naye kwa achemwali.

Wondiphunzitsa ndi Fauziya, mwana wawo wa Che Usumani, mtsikana wa msinkhu wanga koma zitsulo zimamumvera ngati nkhuku zomva chimanga. Anandipatsa lata lopyapyala n'kunena kuti waya azigunda lata, akagunda ndiye shoti yakeyo. Ndinagwedeza mutu. Mumtima ndinati ndili ndi mwana wa miyezi seveni ine.

Atatembenuka ndinawonjezera moto mwakabisira, kamfuti n'kukagwirira patali kuti waya asakhudze chilichonse. Nzeru zanga.

Mayo ine. Chitsulo chinayamba kugwa madontho akuluakulu ngati nandolo, phu, phu, ngati mbuliuli m'phale. Lina linalowa m'nsapato. Ndinavina. Abiti Akimu anasuzumira pakona n'kufunsa ngati manganje ayamba asanawaitane.

Lata lonse nthomba zokhazokha, pakati chibowo cholowa chala. Che Usumani analinyamula, n'kundiyang'ana kudzera pachibowopo ndi diso limodzi. Akuti pano palibe munthu waoda sefa.

Lachitatu, 8 Okutobala

Magetsi kulibe tsiku lonse. Ndangopala dzimbiri. Tsiku limodzi lapita pachabe, koma ndili moyo.

Apongozi aimba. Akuti khasu langa aliika kale mpini watsopano.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndagwidwa.

Fauziya anali ataika kachizindikiro ka choko pa chopotokola cha moto. Nditangopotokola anandigwira dzanja. "Asisi, ndimadabwa. Makinawa alibe ziwanda."

Ndinaulula zonse, babashopu, mipando, nsidze za malume, misozi ikuyenderera mkati mwa chipewa chagalasi. Che Usumani anaseka mpaka kachisoti kawo kanagwera mu ndowa. Atatha anandifunsa kuti kale ndinkagwira ntchito yanji. Ndinati ndinkakazinga tchipisi pa chiwaya ku depoti, zaka zitatu. Akuti basi, sukulu ndinamaliza kale. Anandiuza kuti nditembenuke ndiyang'ane khoma, ndingomvera ndi makutu, Fauziya aziwotcherera.

Ndilembe ndisanaiwale.

Koyamba kunamveka tchrrrr, kosadukiza, ndendende mbatata zikalowa m'mafuta opsa bwino. Ndinachita kumva njala. Imeneyo ndiye shoti. Akuti waya amagunda, kadontho n'kutsala pa lata, n'kulekana, n'kugundanso, kambirimbiri usanaphethire n'komwe. Makinawo anawapangira zomwezo, si ngozi ngati ya mawaya a padenga. Moto wake ndi wochepa, n'chifukwa chake lata lopyapyala siliboka, ndipo ukhoza kuwotcherera chitseko chili chiimire chitsulo osayenderera.

Kenako Fauziya anawonjezera moto. Phu, phu. Ndinati iyi ndikuidziwa, ndi yanga. Waya sagundanso, dontho limalendewera kunsonga, kukula, kukula kuposa waya mwini wake, n'kugwa lokha polikonda. Ndiye pothawa shoti ndinathawira kumene kuli zothetheka zambiri.

Yachitatu anasintha silinda, kuika ya gasi wina wodula, akuti aligoni, moto n'kuukweza kwambiri pa chitsulo chochindikala. Tsiiii, ngati tayala la a Willard likaponda minga. Timadontho take tosaoneka n'komwe, ngati popopera thonje. Iyi ndi ya zitsulo zolemera zogona pansi. Pa lata langa ikhoza kungodutsa.

Ndinafunsabe ngati shotiyo singandigwire. Apa Che Usumani sanaseke. Anati magolovesi akhale ouma, ndisaime pamadzi, mkati mwa makina ndisapisemo dzanja. "Mantha musataye onse, Make Tiko. Musunge pang'ono, koma muwaike pamalo pake."

Manambala a shoti ndawalemba pamkono ndi bolopeni.

Lachisanu, 10 Okutobala

Bwana atapita ku mzikiti masana, ine ndi Fauziya tinatsala ndi zidutswa. Waya akathamanga kwambiri kamfuti kamakankha ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Akachedwa amapsa n'kumatirira kunsonga, Fauziya n'kumadandaula mu Chiyao. Sindimva zonse koma si madalitso.

Mzere wanga wokhotakhota ngati njira ya woledzera. Koma chibowo palibe. Ngakhale chimodzi.

Tiko wamera dzino ndipo waliyesera pa ine. Aliyense akuyesa zida zake sabata ino.

Mawa. A Willard akuti ndidye, ine chakudya chikukana.

Loweruka, 11 Okutobala



Ndinafika manambala ali pamkono, nditawadetsanso mmawa. Kuyang'ana pa makina, Che Usumani amata tepi yakuda pa manambala onse, zopotokola azisokoneza. Anandilozera chitseko cha lata choimika pakhoma n'kukhala pa benchi. Fauziya anamutuma kumsika kuti asandikodole.

Ndinayang'ana mkono, n'kuyang'ana tepi. Kuseri Tiko anayamba kulira, bere n'kuyankha lokha mkati mwa ovolosi. Ndinatsala pang'ono kuvula chipewa n'kupita. Ndinamva Abiti Akimu akumuimbira, anatonthola.

Ndinatola kachidutswa koyesera. Phu, phu. Moto wachuluka, ndinabweza. Kamfuti kanandikankha, ndinachepetsa waya. Kanamatirira, ndinawonjezera pang'ono pokha. Kachinayi mafuta anapsa. Tchrrrr.

Ndinapita pa chitseko. Sindinapume bwino mpaka mzere unatha. Thukuta linafufuta manambala onse ndipo sindinazindikire nthawi yake.

Che Usumani anabwera ndi hamala. Anamenya katatu, mwankhanza, ngati chitsekocho chinawatukwana. Anachitembenuza, kuyang'ana kuseri, kupalasa ndi chikhadabo. Anabwerera pa benchi n'kuitanitsa tiyi.

Ine chiimire. M'mutu ndinayamba kulongedza, matewera, chitenje, buku la kusikelo, minibasi ya kwa Kalembo ndikakwerere pati. Kufunsa ndimaopa. Tiyi anabwera, iwo n'kumauzira pang'onopang'ono.

Ndiye kunalowa bambo wina wonenepa akukankha wilibala yong'ambika, ikulira kwii, kwii. Anapereka moni, n'kunena kuti akufuna imatidwe lero lomwe, mchenga ukudikira.

Che Usumani sanadzuke. Anamwa tiyi kaye. "Auzeni amisiriwo."

Bamboyo anayang'ana uku ndi uku. Nanenso ndinacheuka kuona kumbuyo kwanga. Kunali khoma.

Ndinavalanso magolovesi, n'kuwauza bambowo kuti aitembenuze ndione pomwe yang'ambika.