Akuwerenga Chamumtima

Lolemba, 3 Febuluwale
M'nyumba awiri, ine ndi mwana wanga wamkazi wotsiriza, wa Fomu 1. Nsapato zosoka zinayi, yomata imodzi. Nditaweruka ndinamukokera mpando pafupi ndi benchi monga mwa masiku onse, kuti aziwerenga buku lake la Chingerezi mokweza, ine ndikusoka. Anakhala, natsegula, koma zii. Maso okha kuyenda. Ati aphunzitsi aletsa. "Ababa, kuwerenga mokweza n'kwa ana a pulayimale." Ndinangoseka. Chingerezicho sindichimva, ndinalekeza Sitandade 6. Ndimamvera mawu basi. Mawu a malemu mayi ake enieni, mpaka kapumidwe.

Lachinayi, 6 Febuluwale
Chala nachonso chaletsedwa. Ndine ndinamuphunzitsa kuloza ndi chala, ali pamwendo panga. Tsopano amayamba wayang'ana mutu, zithunzi, kenako mzere woyamba wa ndime iliyonse. Akapeza liwu lachilendo saima, ati oyandikana nalo amuuza tanthauzo. Ndinati, mayi, nanga kulumphalumpha ndiye kuwerenga? Ati, "Inu mumasoka nsapato musanaitembenuze?" Wandigwira pamenepo.

Lachitatu, 12 Febuluwale
Zii yemweyo. Ndinatsegula wailesi, n'kutsekanso. Ndadzibaya ndi singano pachala.

Lachisanu, 21 Febuluwale
Mayeso: 31 pa 40. Teremu yatha anapeza 18. Njira ya aphunzitsi ndi yabwino, palibe chotsutsa. Ndamugulira cholembera chatsopano. Ndinafuna kupempha ndime imodzi yokha, mokweza. Ndinangoleka. Ndisamubweze m'mbuyo mwana chifukwa cha ine.

Loweruka, 22 Febuluwale
Aphunzitsi ake anabwera ndi nsapato yothyoka chidendene. Munthu wansangala. Ati, "Mwana wanu uja akuthamanga, bambo. Kunyumba amawerenga?" Ndinati amawerenga. Zina sindinanene.

Lachiwiri, 4 Malichi
Wabwera ndi homuweki yachilendo. Awerenge chamumtima, atseke buku, kenako afotokozere munthu wa kunyumba m'mawu akeake. "Munthu wake ndinu, ikani nsapatoyo pansi." Ndinaika. Anandionetsa chithunzi, ndinaizindikira: nkhani ya patsamba 40, imene ankakonda kundiwerengera teremu yatha. Ndinkaimvera misozi ili m'maso, kumayesa ya maliro chifukwa cha anthu ovala zakuda a pachithunzipo. Atandifotokozera, kani ndi ya mbuzi imene inadya chipewa cha mkwati pa tsiku la ukwati! Nditamuuza, anaseka mpaka kugwira benchi. "Ababa, ndiye munkalirira mbuzi?"

Kuseka kotero sindinakumve chimwalirire mayi ake. Nakonso n'kwa iwo aja.

Ndamufunsa, ngati wosasamala, kuti homuweki yotere imabwera kangati. Ati Lachiwiri lokha.

Mpando ndausiya pomwepo, pafupi ndi benchi.