Anangotionetsa Chigongono cha Kamphepo

Mwana ameneyu ndi moto! Kamphepo wathu kusiya atsikana a maiko onse m'mbuyo ngati aima! Mwabala, achimwene, mwabala!

Pepani ndayamba nthungululu moni ndisanapereke. Muli bwanji ndi alamu? Mwendo uja wasiya kutupa? Ine ndili bwino, msana wokhawu ndi ntchito yochapa ku hotelo kuno ku dziko la eni.

Koma mtima ukundiwawa. Sabata yonse ndinkalengeza kuntchito kuti mwana wa achimwene anga athamanga pa TV, kuimira dziko lathu. Tsikulo ndinachonderera abwana kuti tizimitse kaye makina. Tinadzazana m'kachipinda kopumira, zakumwa ndinagula ndine.

Mfuti italira, kamera inangokakamira mtsikana wa dziko lino. Nkhope yake, nsapato zake, mpaka amayi ake ali m'chigulu akupemphera. Wathu ndinangomuona chigongono chikudutsa m'mphepete mwa galasi, chija chili ndi chipsera cha njinga yanu. Ndinakuwa kuti ndi ameneyo, anzanga nkumafunsa kuti uti. Wawoyo anafika kumapeto atagonja, nkudzigwetsa pansi kumalira. Basi kamera pa iye, olengeza akumutonthoza ngati wafedwa. Nthawi yoveka mendulo anaika malonda a sopo.

Mayi wosita, mnzanga amene timadyera mbale imodzi, anandifunsa ngati kwathu timabereka zigongono zokhazokha. Anthu anafa nazo kuseka. Pano ndikamadutsa akuti Azakhali a Chigongono. Chonsecho awo akamathamanga ine ndimawaombera m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Zaka zonsezi ndimayesa TV imeneyi ndi ya tonse.

Zoti wapambana ndinachita kumva kwa mwini wake. Anaimba foni kufunsa ngati azakhali amuona akudula mzere. Ndinati eya mwanangu, ndakuona. Musakamuuze, achimwene.

Pempho langa ndi limodzi. Ngati TV ya kwathu inamuonetsa bwino, nkhope ndi mendulo yomwe, munditumizire pa foni. Ndikufuna ndimuone ndi maso angawa, bodza langa lija lisanduke zoona. Kenako ndikaimika foniyo patebulo lositira.

Moni kwa alamu, kwa amalume, ndi ana onse. Mwezi ukatha nditumiza kangachepe. Mukajambulitse chithunzi chake chachikulu, thupi lonse, kuyambira tsitsi mpaka chala chakuphazi.

Ine mlongo wanu,
Azakhali a Kamphepo