Kadontho Kofiira Pansi pa Batire

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Nanga msana uja unasiya? Kapena mukungouza anthu kuti muli bwino kwinaku mukuyenda chopindika, monga mwa khalidwe lanu? Ife kuno tadzuka, Mulungu akutisunga.

Ndalemba kalata chifukwa ndikaimba simukuyankha. Sindikukuimbani mlandu. Munanena nokha kuti masiku ano mafoni akumvetseredwa, ndipo mabwana anu atamva zoti mlamu wanu anamangidwa pa nkhani ya zigawenga, ntchito ikhoza kutha. Ndinamvetsa. Koma nkhaniyi munaimva theka, ndipo theka lotsalalo ndiye lokoma.

Choyamba, alamu anu anatuluka. Pamene ndikulemba pano ali pakhonde akupukuta nsapato za ana, ntchito imene kale ankaithawa.

Za bomba lija munamva pa wailesi. Linaphulika mmawa pa depoti ya basi, anthu akukankhana pokwera. Kashopu ka alamu anu kokonzera mafoni mukukadziwa, kali kuseri kwa depoti komweko. Magalasi ake onse anayoyoka. Iwo anasiya chitseko chosatseka nkuthamangira kukanyamula ovulala, ndipo anabwera kunyumba malaya ali magazi okhaokha.

Kuchokera tsiku limenelo tauni inasintha. Asilikali mumsewu, pakhomo lililonse chipikisheni. Mlonda wina pamsika anagogoda kabichi wanga nkumuika pakhutu, ine nkumufunsa ngati wamuyankha. Tinaseka, koma kunali kuseka kwa mantha. Mu basi aliyense maso anali pa chikwama cha mnzake.

Tsopano mvetserani apa. Alamu anu ali ndi kachizolowezi kawo. Foni iliyonse akaikonza amadontheza kadontho kofiira mkati, pansi pa batire. Amatero chifukwa anthu ena ankabwera ndi foni yokonzetsa kwina nkumalalata kuti mwandiwonongera ndinu. Utoto wake ndi kyutekisi wanga wopaka m'zikhadabo. Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira ana kuti akundithera, osadziwa kuti wakuba ndimagona naye chipinda chimodzi.

Apolisi anapeza zidutswa za foni imene akuti ndiyo inaphulitsa bomba. Pa chidutswa china panali kadontho kofiira. Anayenda mzere wonse wa okonza mafoni akufunsa kuti ndani amaika chizindikiro chotere. Anzawo onse anayang'ana pansi. Alamu anu, ndi kunyadira ntchito kwawo kuja, anaimirira nkunena kuti ndi iwo, ndipo palibenso wina amachita zimenezo. Anawatenga atagwira sukuludiraiva m'manja.

Achimwene, masiku amenewo sindifuna kuwakumbukira. Anthu amene ndinkabwerekana nawo mchere anayamba kuwoloka msewu akandiona. Eni nyumba anati tiyambe kufunafuna kwina. Wina anaponya mwala pawindo la kuchipinda kwa ana masanasana. Ndipamenenso inu munati nditenge ana ndichoke, chifukwa mtima wa munthu sudziwika. Ndinalira, osati chifukwa chokukwiyirani, koma chifukwa nanenso funso lomwelo linali litandidutsa m'mutu.

Mtsikana wathu wamkulu uja mumamutcha Loya chifukwa cha mafunso ake anabwera kuchokera kusukulu osadya kanthu. Anzake anamutcha mwana wa chigawenga. Anandifunsa kuti kodi chigawenga kwenikweni nchiyani, poti aphunzitsi anena zina, wailesi ikunena zina, ndipo anzake akuti ndi aliyense amene watengedwa ndi galimoto ya apolisi.

Ndinamuuza mmene ndikudziwira ine, kuti ndi munthu amene amapweteka anthu osamulakwira ndi cholinga choti otsalafe tizikhala mwamantha mpaka tichite zofuna zake. Iye anandiyang'ana nkufunsa kuti nanga amene anaswa windo lathu kuti tichite mantha tisamuke, ameneyo dzina lake ndani. Ndinamuuza kuti adye, chakudya chikuzizira.

Tsiku lina mmawa kunagogoda mayi wina atavala zakuda. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Amagulitsa malalanje pachipata cha depoti, ndipo mwamuna wake, kondakitala wa basi, anali mmodzi mwa omwalira. Sanali mnzathu ayi. Chaka chatha anakalalatira alamu anu pashopu kuti anamuwonongera foni, iwo nkumutsegulira kumuonetsa kuti mulibe kadontho, choncho sanaigwirepo. Anachoka akutukwana mpaka pa kona.

Ndinaganiza kuti wabwera kudzandilavulira, ndipo ndinali wokonzeka kulandira. Koma anakhala pampando, nkutulutsa kajumbo kamene anampatsa kuchipatala. Munali makiyi, lamba ndi foni ya malemu, galasi lake litasweka. Anaitsegula kumbuyo, nkuchotsa batire. Kadontho kanali pomwepo.

Anati kuyambira pomwe anamva chimene anamangira alamu anu sanagone. Anati ngati kadontho ndiko kamapanga chigawenga, ndiye kuti mwamuna wakenso anali chigawenga. Anatinso amene anapha mwamuna wake sanafunse kuti akupha ndani, ankangofuna aliyense, ndipo iye sangalole kuti misozi yake ipukutidwe pogwiranso aliyense. Kenako anandiuza kuti ndisiye kulira ndimupatse madzi akumwa, ali ndi ntchito.

Mayi ameneyu ali ndi pakamwa, achimwene, ndipo ulendo uno pakamwapo panatipindulira. Anayenda depoti yonse, basi ndi basi, benchi ndi benchi, akuuza anthu kuti atsegule mafoni awo. Ena anakana, ankaopa kuti nawonso atsekeredwa. Iye ankawafunsa kuti ngati mkazi wamasiye sakuopa, iwo ndevu zonsezo nzantchito yanji.

Tsiku lomwe mayiyo anapangana ndi anthuwo tinapita kupolisi. Ndinkayembekezera anthu ochepa chabe. Ndinapeza madalaivala, makondakitala, onyamula katundu, amayi a pamsika, anamwino awiri ali m'yunifolomu, ndi m'busa wina ataima pafupi ndi shehe. Ngakhale eni nyumba athu analipo, ataima kumbuyo kwenikweni, chipewa atachitsitsira kumaso.

Chichitikireni bomba, lamulo pachipata cha polisi ndi lakuti aliyense wolowa achotse batire nkusiya foni patebulo. Anthu anangomvera lamulo. Mmodzimmodzi ankatsegula foni, nkuigoneka chagada. Tebulo linadzaza, anabweretsa lina. Paliponse madontho ofiira, ena owala, ena akuda ndi kukalamba. Ndinkatha kuzindikira mabotolo anga onse amene anasowa.

Mkulu wofufuza nkhaniyo anatuluka kudzaona chimene chikuchitika. Anayang'ana matebulo aja nthawi yaitali. Mayi wa malalanje anamupempha mwaulemu kuti nayenso atsegule yake. Bwanayo anazengereza, kenako anatulutsa kafoni kakang'ono m'thumba la malaya nkukatsegula. Sanationetse. Anangokatseka, nkunena kuti tonse tizipita, uthenga wafika.

Alamu anu sanawatulutse tsiku lomwelo. Anawasungabe akuwafunsa ngati akukumbukira amene anabweretsa foni ija, koma munthu amene wakonza mafoni a theka la tauni angakumbukire bwanji? Pamapeto pake anawauza kuti kadonthoko kakungosonyeza kuti foniyo inadutsapo patebulo pawo, basi. Eni ake a chiwembucho akufunidwabe, ndipo chipikisheni chikadalipo. Sindidana nacho, nanenso ndimafuna ana anga azibwera amoyo.

Alamu anu anabwera ataonda, ndipo tsiku lomwelo anandibwezera kabotolo kanga nkunena kuti sadzakagwiranso. Kenako anakatsegulanso shopu.

Kasitomala woyamba anali mayi uja. Anabweretsa foni ya malemu, akuti munali mawu amene mwamuna wake ankamujambulira akamachedwa kuntchito. Alamu anu anakhala nayo tsiku lonse mpaka inayaka. Mayiyo anamvetsera mwamuna wake akumuuza kuti asamudikire, adyeretu. Analira, ifenso tinalira.

Atapukuta misozi anakana kulandira foniyo. Anati ntchito sinathe. Alamu anu anamukumbutsa kuti kadontho kalimo kale. Iye anati kameneko kanali ka malemu, akufuna kake. Loya anathamanga kukatenga kabotolo kunyumba, ndipo bambo ake anadontheza dzanja lili nji.

Sindidziwa kuti munthu wotere umamuthokoza bwanji. Ndimangogula malalanje tsiku ndi tsiku, mpaka ana ayamba kudandaula kuti mano akuyayamira.

Tsopano pempho langa ndi ili. Anthu a mumsewu ayambanso kutipatsa moni, koma alamu anu foni ikalira amayang'ana dzina, nkuibweza m'thumba mwakachetechete. Sanena, koma ndikudziwa amene akumudikira. Paja ndinu munawaperekeza tsiku la ukwati wathu.

Kafoni kaja munanyamuka nako kuno, kamene kanagwera m'ndowa kutatsala tsiku limodzi kuti mukwere basi, alamu anga anandiuza kuti mukadali nako. Mukukumbukira amene anasiya ntchito zake zonse kuti akaumitse. Katsegulani kumbuyo, muchotse batire, muone. Mukatero mubwezeretse batireyo, muwaimbire. Simufunika kupepesa. Mungowafunsa kuti adzuka bwanji.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse, makamaka wamng'ono uja sindinamuonebe. Loya akuti ndiuze amalume ake kuti funso lake lija silinayankhidwe. Mulungu akusungeni, ndipo msanawo mupite nawo kuchipatala.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Mayi a Loya