Bondo la Akamwini Anga

Aphungu,

Sindinazolowere kuuza anthu za m'nyumba mwanga. Ndalemba chifukwa tsiku layandikira.

Ndine mayi wa zaka 67. Mwana wanga Lefina anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Amuna ake ndi a ku Phalombe. Anabwera kuno ndi makolo awo kudzalima fodya pa esiteti, ndipo makolowo anaikidwa konkuno. Maliro a Lefina atatha, ankhoswe anafuna kuwasudzula kuti abwerere kwawo. Iwo anayankha atagwada kuti, “Ndikapita, amayiwa awalimira ndani?” Sanapite. Sanakwatirenso.

Bondo lawo lakumanja linatha ndi kusenza mabelo a fodya. Atsimphina zaka zitatu osadandaula. Tsopano madokotala a ku Lilongwe akuti pa 14 Novembala adzachotsa fupa lodyekalo n'kuikapo chitsulo. Anawauza kuti, “Mubwere ndi wokudikirirani. Popanda ameneyo, malo anu tipatsa wina.”

Wina palibe. Mdzukulu wanga Shalom ali pasukulu yogonera komweko, ndipo sindimuchotsa.

Ine ndi akamwini angawa timaopana monga tinalangizidwira. Zaka 19 sindinadye nawo, sindinawayang'ane kumaso, ndipo dzina lawo silinatulukepo pakamwa panga. Ndimati bambo a Shalom. Pakakhala nkhani, ine ndimaima kuseri kwa chigafa cha fodya, iwo mbali inayo. Ndamva kuti wodwala wotere amafunika kumudzutsa, kumugwira m'chiuno ndi kumuperekeza kuchimbudzi.

Dzulo ndinawamva akuuza mnzawo, a Kalekeni, kuti, “Ndingozisiya, achimwene. Amayi sindingawachititse manyazi. Ndiponso sabata imeneyo ndi ya makuponi. Akachoka, feteleza watiphonya.” Sanadziwe kuti ndili pafupi.

Lefina ndinamudikirira ndine m'chipatala, mpaka anatsirizikira m'manja mwanga. Khomo la chipatala ndimaliopa. Koma munthuyu akazisiya, chaka chamawa sadzayenda n'komwe. Ndikonzeke bwanji, ndipo mwambo ndiutani?

E. K., Kapelula, Kasungu

Mayi E. K.,

Pepani kwambiri za Lefina. Koma ku Lilongweko mupite.

Kuopana kunaikidwa kuti mlendo wodzakwatira pakhomo alemekezeke. Munthu amene anakana kusudzulidwa kuti azikulimirani anasiya kalekale kukhala mlendo. Sabata ino itanani ankhoswe ndi mkulu wa mpingo, muphe nkhuku, mudye nawo mbale imodzi anthuwo akuona, ndipo munene ndi pakamwa panu kuti ameneyu ndi mwana wanu. Amiseche alankhula masiku angapo, kenako atopa.

Simuchita zonse nokha, ndipo pa msinkhu wanu musayese kuwanyamula. Za kusamba ndi kuchimbudzi, pemphani namwino wamwamuna kapena abambo odikirira odwala m'wodimo. Kunyumba ntchito imeneyo ndi ya a Kalekeni. Auzeni lero, asadzazimve mutabwerako. Yanu ndi chakudya, nthawi ya mankhwala, ndi kuwakakamiza kupinda ndi kuwongola bondo monga achipatala adzakusonyezereni. Kudzawawa, ndipo adzafuna kuleka. Musadzawamvere chisoni pamenepo, chifukwa bondo losayendetsedwa limauma.

Konzani pakhomo musananyamuke. Pamphasa sadzatha kugona, choncho bwerekani bedi lokwera bwino. Kunyonyomala sikudzatheka: mmisiri akhome mpando wobowola pakati woika pachimbudzi, ndi mtengo wolimba wogwirira. Njira yopita kumeneko muisalaze. Kuchipatala mukafunse za ndodo zoyendera, ndiponso nthawi yoti aleke kudya opaleshoni isanachitike. Pobwerera asakwere kabaza ngakhale pang'ono.

Za makuponi, pitani kwa alangizi a zaulimi ndi komiti ya m'mudzi ndi kalata ya kuchipatala, mufunse ngati wina angakulandirireni. Akakana, nyamukanibe. Munda wopanda feteleza mudzaudandaula chaka chimodzi. Mwendo wa bambo a Shalom mungadzaudandaule moyo wanu wonse.

Pakhomo la chipatala mudzakumbukira mwana wanu. Lirani ngati misozi yabwera, koma lowani. Ulendo uno mukupita ndi munthu woti mubwere naye akuyenda.

Chenjezo langa ndi ili. Amene wabisa ululu zaka zitatu adzaubisanso. Bala likafiira kapena kutuluka mafinya, thupi likatentha, mwendo ukatupa kumunsi kwa bondo, kapena kupuma kukavuta, thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Iwo sadzakuuzani. Muyenera kuona nokha m'mawa uliwonse, bondolo ndi nkhope yomwe, ndipo zimenezi sizioneka muli kuseri kwa chigafa. Zungulirani chigafacho lero, muwayang'ane, muwauze kuti pa 14 mukupita nawo.

Aphungu