Ndadya dzira, Amayi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ndine Falesi, mwana wanu wachiwiri. Ndikulankhula ine, akulemba ndi Esinati, mdzukulu wanu amene munamusiya akuyamwa. Tsopano amagwira ntchito mu ofesi ku Limbe, ndipo ndamuuza kuti alembe monga ndikunenera, asakonze mawu anga.

Kuno tilipo. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chaka chino anandilimira aneba, tinagawana. Mwana woyamba wa Esinati wabereka mwana wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe.

Koma ine ndinagwa. Ndinaterereka pampopi nthawi ya mvula, ndinathyoka ntchafu, ndipo ndinakhala miyezi isanu ndi itatu osatuluka kumpanda. Ndisanagwe, Loweruka lililonse m'mawa amayi a kutchalitchi kwathu tinkakumana pabwalo la sukulu kuno ku Chimwankhunda, kunyamula zigubu za mchenga chifukwa cha bipi. Mungaseke, inu amene munkasenza nkhuni kuchokera ku Soche. Masiku ano timanyamula katundu wosapita naye kulikonse. Ine ndinkakweza zigubu ziwiri za malita asanu, pomwe atsikana ena ankalephera.

Fupa litalumikizana, Esinati anabwera ndi mawu. Anati, "Amayi, simungakhale nokha chonchi. Pofika Okutobala, mukalephera kudzuka pampando kakhumi osagwira ndi manja, mukusamukira kwanga ku Nancholi." Nyumba ino njerwa zake ndinaumba ndi malemu bambo ake. Atapita ndinayesa, ndinadzuka kawiri basi.

Loweruka lake ndinabwerera kubwalo nditangomwa tiyi ndi chinangwa, monga kale. Ndinatenganso zigubu zanga zomwe zija. Pokweza kachitatu m'maso munada, ndinangopezeka ndili pansi, anzanga akundikupiza ndi chitenje. Amene amatiphunzitsa ndi a Nagama, namwino wopuma pa ntchito. Anati, "Mayi Falesi, mukufuna mutithyolerenso mwendo winawu?" Anandipatsa timabotolo ta theka la lita, tomwe ana amapita nato kusukulu. Manyazi anandigwira, koma ndinalandira. Kenako anandifunsa zomwe ndimadya. Akuti minofu inatha pogona paja, ndipo siibwerera ndi tiyi. Akufuna nyemba, usipa, chiponde m'phala, ndi dzira limodzi tsiku lililonse.

Apa ndiye ndili ndi funso kwa inu. Munkati, "Mwana wamkazi sadya mazira, adzabereka mwana wopanda tsitsi." Ndinakumverani, ndipo nditakula ndinangozolowera. Ndinkaphikira amuna anga ndi alendo, ine osalawa. Kodi munkakhulupiriradi zimenezo, kapena munkafuna kuti nkhuku ziswe anapiye? Inuyo simunalaweko mobisa? Nditawafotokozera a Nagama anaseka mpaka kugwira m'chiuno, n'kundifunsa kuti, "Nanga mukuyembekeza kuberekanso?"

Nditafika kunyumba ndinawiritsa dzira limodzi, ndinatseka chitseko, n'kulidya ndi mchere. Loyeralo lilibe nkhani. Koma lachikasulo, Amayi, munatimana.

China chondidabwitsa n'chakuti a Nagama amatiletsa kunyamula tsiku ndi tsiku. Akuti lero kunyamula, mawa kupuma, chifukwa mphamvu imabwera pa tsiku lopumalo. Inu mukatipeza titakhala dzuwa lili pamutu munkati, "Mwadwala kodi?" Sindikudziwa kuti mukanamvana nawo bwanji. Ine ndinatsata zawo. Ndinachoka pa theka la lita, ndinafika lita imodzi, tsopano ndili pa awiri. Za malita asanu zija ndaziika pansi pa bedi, sindikuzithamangira.

Lero Esinati wabwera ndi chikwama chachikulu cholongedzeramo zovala zanga. Ndinaika mpando pakati pa balaza, ndinapinda manja pachifuwa, n'kuyamba kudzuka ndi kukhala, iye akuwerenga. Pa seveni maondo anayamba kunjenjemera. Pa naini ndinakhala nthawi yaitali ndikupuma, iye n'kuti, "Basi amayi, mudzipweteka." Ndinati, "Iwe werenga, ntchito yako ndi imeneyo." Ndinadzuka kakhumi.

Chikwamacho chili pakhomo chopanda kanthu, abwerera nacho kwawo. Akuti adzandiyesanso pa Khirisimasi. Adzandiyese, mpando ulipo.

Ndimakukondani, Amayi. Mvula isanayambe ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo kuchokera pa siteji ndidzayenda ndekha popanda ndodo.

Ndine mwana wanu,
Falesi