Wocheka Matabwa Wopanda Nkhope

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumudziko? Nanga bondo lija linaleka kuvuta? Ine ndili bwino, kungoti makina osokera andipinda msana.

Amayi, kuno ndaona zodabwitsa. Pabwalo loyang'anana ndi shopu yathu akhala akuumba chinthu chachikulu cha simenti, chophimba ndi masaka. Mukundidziwa ine, chophimbidwa sindichilekerera. Lachiwiri ndinanamizira kukagula ulusi n'kukasuzumira.

Ndi anthu awiri ocheka matabwa, wina pamwamba pa chipika, wina pansi, sowo pakati. Akuti n'chokumbutsa ntchito imene inamanga dera lino. Penti yake ngati amoyo, mpaka utuchi wa m'tsitsi. Nditakweza maso pamakwerero, ndinaona kuti amene anagwira bulashi ndi achimwene, omwe aja anachoka pakhomo bambo atawaswera zidole zawo zadothi. Anenepa pang'ono, koma kuuma pakamwa n'komwe kuja: moni wawo unali wakuti ndisaponde chitini cha penti.

Wocheka wapansiyo ndi achimwene omwewo, makutu omwe aja. Wapamwambayo ndinamuyang'anitsitsa: chipewa chopendekera, chala chopindika chakumanzere, kaimidwe kotagada. Ndi bambo enieni. Koma nkhope ili mbee, sinapakidwe kanthu.

Ndinafunsa achimwene ngati penti yatha. Anaseka pang'ono, kenako anandiuza kuti ayesa kangapo, koma nthawi zonse nkhopeyo imatuluka yokalipa, ndiye amafufuta. Akuti sakukumbukiranso mmene bambo amaonekera akamaseka. Zinandimvetsa chisoni.

Eni ntchito anena kuti mwezi ukatha avundukula, ndipo ngati nkhopeyo idzakhale isanathe aitana munthu wina adzapake iliyonse. Tangoganizani, thupi la bambo, nkhope ya mlendo!

Pempho langa ndi limodzi. Ndinafuna kupempha chithunzi, koma mukudziwa kuti pazithunzi zonse bambo amaima ngati akulondera nkhokwe. Choncho anyengerereni abwere okha. Musawauze zambiri, mungoti mwana wawo wamkazi akuwafuna. Achimwene sanandiletse kulemba kalatayi. Anangofunsa ngati bambo amadzukabe m'mamawa kunola sowo.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa alamu ndi ana onse. Bambo ndidzawapatsa ndekha akafika. Inunso mubwere nawo, chifukwa munthu amene amatha kuwaseketsa ndinu nokha.

Ndine mwana wanu,
Telala wanu wachidwi