Sheya Imodzi ya Mgodi wa Golide

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA KALABU YOSONKHANITSA MASATIFIKETI AKALE A MASHEYA A MIGODI

Tsiku: Loweruka, 14 Juni
Malo: Chipinda cha kuseri kwa shopu ya a Telala
Opezekapo: Wapampando, Mlembi, a Telala, a Makaniko (alamu awo a Telala), a Magalasi (katswiri wathu woyeza mapepala)
Opepesa: a Namwino, ali pantchito
Mlendo: Mayi ophika buledi a mumsewu uno

1. Kutsegulira
Wapampando anatsegula msonkhano 2:20 masana, a Telala atachotsa nsalu za makasitomala patebulo.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita
Zinawerengedwa. A Telala anapempha kuti mawu oti "anawotcha" afufutidwe, ponena kuti satifiketi ya mgodi wa mkuwa ija anangoisita pang'ono kuti iwongoke. A Makaniko anati, "Alamu, pepala lochita kupsa ngati chitumbuwa lija mukuti kusita?" Komiti inagwirizana kulemba kuti "anasita mopitirira muyeso".

3. Chiwonetsero cha ku laibulale
Wapampando anati laibulale yatipatsa matebulo awiri mwezi wamawa. A Makaniko anafuna kuti masatifiketi awo onse asanu ndi anayi okhala ndi zithunzi za sitima alowe. Anavomerezedwa atatu. A Makaniko anapempha kuti kudandaula kwawo kulembedwe, ndipo kwalembedwa.

4. Pempho la mlendo
Mayi ophika buledi anatulutsa pepala lobiriwira m'envulopu. Anafotokoza kuti analipeza sabata yatha kuseri kwa kalilole wa malemu bambo awo, kaliloleyo atagwa n'kusweka. Pepalalo ndi satifiketi ya sheya imodzi ya kampani yokumba golide, ndipo lili ndi dzina la malemuwo.

Mayiwo anati bambo awo anagwira ntchito yokankha ngolo za miyala pansi pa mgodi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Atabwerera kwawo ankakonda kunena kuti, "Mgodi umene uja ndili nalo gawo langa." Ana onse ankawaseka mpaka kuwapatsa dzina loti Bwana Mgodi, ndipo woseka kwambiri anali mayiwo.

"Ndiuzeni zoona," anatero mayiwo. "Ngati n'chabodza ndikakulungira mabanzi. Koma ngati n'chenicheni, ndiye kuti ndinawalakwira bambo anga."

Wapampando anapereka pepalalo kwa a Magalasi. A Telala anadzipereka kuliwongola kaye, koma komiti yonse inakana nthawi imodzi.

A Magalasi anasamba m'manja, napukuta magalasi awo, naunika pepalalo pawindo. Analitembenuza, nasisita chidindo ndi chala, kenako analinunkhiza. Anayerekezanso siginecha ya mlembi wa kampaniyo ndi ina ya m'faelo yathu. Izi zinatenga mphindi khumi ndi imodzi.

Pomaliza a Magalasi anati chizindikiro chobisika m'kati mwa pepala chikuoneka bwino, chidindo n'chotupa monga mmene chiyenera kukhalira, ndipo siginecha ndi yomweyo. Anati masatifiketi amene tili nawo ndi a mabwana ogula masheya mazanamazana. Ya munthu wa pansi pa mgodi, yogulidwa ndi thukuta lake, sanaionepo chiyambire.

"Mayi," anatero a Magalasi, "bambo anu sankanama."

Msonkhano unaima mphindi zisanu. A Telala anapatsa mlendo kansalu kotsala kuti apukutire misozi. Mayiwo atapukuta anayamba kuseka, nati, "Ha! Ndiye kuti ine pano ndine mwana wa bwana!"

Wapampando anafotokoza kuti kampaniyo inatsekedwa kalekale, choncho sheyayo singabale kanthu. Mayiwo anati sanabwerere zimenezo.

A Makaniko anapempha kusinthana pepalalo ndi masatifiketi awo atatu a sitima. Wapampando anati pempholo silinali pa ndondomeko ya zokambirana. A Makaniko anakweza kufika pa asanu. Mayiwo anayankha kuti, "Achimwene, bambo anga sindingawasinthanitse ndi sitima."

Chigamulo: Mayiwo abwereketsa satifiketiyo kwa masiku atatu a chiwonetsero. Ikhala pakati pa tebulo loyamba, mufulemu yagalasi, pambali pa chithunzi cha malemuwo atavala chisoti cha mumgodi.

5. Zina ndi zina
Mlendo anapempha kulowa kalabu. Onse anakweza manja. Mlendoyo anapemphanso kope la zolembedwazi lokhala ndi chidindo cha kalabu, kuti akawerengere alongo awo awiri mawa pa chakudya chamasana. Anati mwa awiriwo, achimwene awo aakulu maso awo ndi ovuta komanso ndi amakani, choncho adzafuna kudziwerengera okha. Wapampando analamula Mlembi kuti mfundo yachinayi ailembe ndi zilembo zikuluzikulu.

6. Msonkhano wotsatira
Loweruka, 12 Julaye, pamalo omwewa.

Msonkhano unatsekedwa 4:05 madzulo.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________